Ometa Tsitsi ndi Filimu ya Njuchi

M'babashopu ya pakona pathu simuonetsedwa mpira. Eni ake, bambo a ndevu za imvi, amaika mafilimu a zinthu zenizeni okhaokha: za anamgumi, za mapiri ophulika moto, za kapangidwe ka galasi. Filimu ikafika pokoma amazimitsa makina, n'kukusiya mutu uli wometa mbali imodzi.

"Tsitsi silithawa, achimwene. Taonani nyamayo!"

Aliyense amamusankhira yake ngati dokotala polemba mankhwala. Waphuma amamuuza kuti akaonere ya akamba. Ine anandiumiriza ya njuchi mwezi wathunthu, koma ndinkangoti mawa. Kumbali tinkawaseka.

Tsiku lina masana njuchi zinadzaunjikana pakhonde la telala, yemwe shopu yake ili denga limodzi ndi babashopuyo. Telala anatulukira ndi petulo ndi machesi, nsalu za anthu zili mbwee pambali pake.

"Mutiotcha tonse!" anakuwa bambo aja. "Njuchi zikamasamuka zimakhala zitakhuta uchi, sizilusa wamba. Inunso achimwene, mukanaonera filimu ija ndinkakuuzani!"

Anafunda nsalu yometera, n'kuyandikira pang'onopang'ono ndi katoni, n'kukokolola chimulu chonsecho kamodzi. Chinagweramo, khu! Palibe amene analumidwa.

M'mawa mwake babashopu inadzaza mpaka pawindo, telala atakhala kutsogolo penipeni. Bambo aja anakweza rimoti, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Lero ndi ya njoka. Wofuna mpira, khomo ndi ilo."

Palibe anadzuka.