Mapazi a Pansi pa Katani

Mukafika ku Medina Jdida n'kufunsa za Si Miloud woimba gitala ya besi, anthu amangoyang'anana. Koma tangonenani kuti Miloud wokonza mafiriji, aliyense akulozerani kachitseko kobiriwira koyandikana ndi wogulitsa karantika, chakudya chija chootcha cha ufa wa tchana. Zimenezi n'zopsetsa mtima ndithu. Munthu waimba m'maukwati a mu Oran muno zaka makumi atatu ndi ziwiri, koma mzinda wonse umamudziwa ndi sipanala basi. Eni akewo sizimawakhudza n'komwe. Amati ntchito ziwirizi ndi imodzi, chifukwa firiji yabwino imangolira chapansipansi pakona, palibe woiganizira, mpaka tsiku limene yasiya kulira nyama n'kuyamba kununkha.

Si Miloud ndi bambo wamfupi, wa zala zikuluzikulu zothimbirira ndi girisi, wosachedwa kuwodzera akakhala pa mpando wofewa. Gitala yawo ya nsambo zinayi anaigula kwa mkulu wina wa pa sitima ya pamadzi asanakwatire, ndipo utoto wake unasupuka kalekale pamene pamatsamira mkono. Akamaimba sagwedeza mutu, satsinzina, sakweza gitala m'mwamba monga amachitira anzawo ofuna kuonedwa. Pamene wina angakhudze nsambo kakhumi, iwo amakhudza katatu. Wina atawafunsa chifukwa chake, anayankha kuti kasanu ndi kawiri kotsalako ndi ka Boualem, mnzawo wa ng'oma ya pakhwapa, ndipo iwo si wakuba.

Gulu lawo linali la anthu anayi. Kupatula iwo ndi Boualem, panali Kouider, mwini gulu ndiponso woimba, munthu wa suti yoyera ndi tsitsi lopaka dayi, amene ankakhulupirira kuti amayi a ku Oran amakwatitsa ana awo pofuna mpata womumva iyeyo. Wachinayi anali Tayeb, mlamu wake wa Kouider, wa pa kiyibodi.

Maukwati awo ambiri anali a masana, aja a amayi okhaokha. Kwa mabanja osunga mwambo, amuna oimba saloledwa kuona amayi akuvina, ndiye amaikidwa pakona ya holo, kuseri kwa katani yochindikala. Kouider ankaimirira n'kumaimbira nsalu tsiku lonse, uku akuigwedezera nsidze. Koma katani ya m'holo sinafikepo pansi chikhalire. Nthawi zonse pamatsala kampata kokwana chikhatho. Si Miloud ankakhala pa kasipika kawo kakafupi, ndipo pa kampata kameneko ankaona mapazi. Nkhope ayi, mapazi okha basi.

Tsono mapaziwo ndiwo anali abwana awo. Zidendene zikayamba kukhwekhwereza pansi, ankadziwa kuti nyimbo yathamanga, n'kumubweza Boualem pang'ono popanda kunena kanthu. Nsapato zikayamba kuvulidwa n'kukankhidwira pansi pa mipando, ankadziwa kuti zakoma, asasinthe chilichonse. Mapatapata a agogo akangoonekera pabwalo, ankachepetsa liwiro mpaka agogowo avine akhute. Ngakhale Mayi Badra, akazi awo, anawapeza pansi pa katani pomwepo. Panali mapazi awiri opaka utoto wofiirira wa hina amene ankachedwa pang'ono kutera, mwadala, ngati akuinyoza ng'oma. Si Miloud anawatsata mapaziwo maukwati anayi, kenako n'kutuma mlongo wawo kuti akaone mwini wake. Mpaka lero Mayi Badra amati anakwatiwa ndi mwamuna amene anafunsira zala za kuphazi.

Zinthu zinasokonekera chaka chimene Tayeb anatumiziridwa kiyibodi yatsopano ndi msuweni wake wa ku Marseille, kutsidya kwa nyanja. Chinali chinthu chachitali ngati chitseko, cha timagetsi tophethira, ndipo ukangodina kabatani kamodzi chinkadziimbira chokha besi ndi ng'oma zomwe. Lachitatu lina Kouider anaitana Si Miloud kumalo omwera khofi, n'kuwagulira kapu. Kouider akakugulira khofi, dziwa kuti kukubwera zovuta.

"Miloud, m'bale wanga, ukudziwa kuti ndimakukonda," anayamba choncho Kouider, akutakasa shuga amene anali atasungunuka kale.

"Nena, Kouider. Khofiyu akuzizira."

"Chinthu cha Tayeb chija chili ndi besi m'mimba mwake. Sichitopa, sichidandaula msana. Iwe ndi sipika yako mumadya malo a anthu awiri m'galimoto."

"Nanga Boualem? Ng'oma zilimonso m'mimbamo."

"Boualem akasiya, aliyense amamva. Koma iwe, m'bale wanga, usakhumudwe, ndani anakumvapo? Zaka zonsezi, alipo anabwera kudzanena kuti besi ija inakoma?"

Si Miloud anaganiza moona mtima, n'kupeza kuti panalibe.

"Ndiye tichite chonchi," anatero Kouider. "Loweruka kuli ukwati wa mwana wa Hadja Zoulikha. Ubwere, ukhale pamalo pako, koma waya usalumikize. Akangodandaula munthu mmodzi yekha kuti china chasowa, ukhalabe nafe. Akapanda kudandaula, tisiyane bwinobwino ngati anthu."

Si Miloud anavomera. Akanatani nanga? Koma pobwerera ku shopu anadutsa kachitseko kawo kobiriwira kaja osakazindikira, mpaka wa karantika uja anachita kuwaitana. Zinawapweteka, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti Kouider sananame.

Kunyumba Mayi Badra anamvetsera nkhani yonse akusenda mbatatesi.

"Ndiye mupita kukangokhala ngati katundu?"

"Ndavomera kale, mayi."

"Kouider ameneyo anayamba kuimba thalauza likumugwa, inu n'kumamubisira akaphonya. Lero wapaka dayi ndiye waiwala. Pitani, abambo, koma muvale malaya abwino. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa."

Loweruka linafika. Holo inadzaza, fungo la mafuta onunkhira ndi la khofi likudutsa katani. Tayeb anadina kabatani kake. Tisanamizane, chinthucho chinaimba bwino. Besi yake inali yomveka, yolemera, yosaphonya ngakhale kamodzi, ndipo mapazi anadzuka n'kuvina. Si Miloud anakhala gitala ili pamiyendo, waya ali lende, akuona nsapato zimene anazidziwa zaka zambiri zikuvina popanda iwo. Anaona ndithu kuti amayi akufulumira kubwerera m'mipando, ndi kuti mapatapata ena akale anabwera pabwalo, n'kuyesa kawiri, n'kugonja. Koma agogo otopa sapita kukadandaula kuseri kwa katani. Kouider anawayang'ana n'kutambasula manja, ngati akunena kuti waonatu.

Mkwatibwi, Souhila, anali atalowa kale kanayi, ulendo uliwonse ndi chovala china, monga mwa mwambo. Chotsala chinali chedda, chovala chija cha kwawo kwa amayi ake ku Tlemcen: chipewa chosongoka chopetedwa ndi golide, mikanda ya ngale yokuta chifuwa chonse, zibangili mpaka m'zigongono, zonse pamodzi kulemera ngati mwana wa zaka zinayi. Wovala chedda satembenuza khosi, ndipo mapazi ake sawaona. Amayenda kuchoka pakhomo kukafika pampando wake azakhali awiri atamugwira mikono, akuchimuna onse akumupenda. Mkwatibwi akagwa mu chedda, nkhani yake imakambidwa mpaka adzukulu ake atakwatiwa.

Tayeb anadina nyimbo yolowera. Amayi anayamba kuwomba m'manja motsata makinawo, azakhali aja nawo n'kumaponda motsata m'manjamo. Pansi pa katani panaoneka nsapato ziwiri zagolide zazitali zidendene, ndipo Si Miloud anaweramira kutsogolo. Mapazi a azakhali anali patsogolo, a mkwatibwi akutsalira. Lakumanzere linkanjenjemera lisanatere. Chidendene chinakola m'mphepete mwa nsalu, n'kumasuka, n'kukolanso. Mpando unali ukadali kutali, ndipo makinawo, poti alibe maso, ankangogunda liwiro lomwelo.

"Tayeb, zimitsa," anatero Si Miloud.

"Mwati chiyani, Si Miloud? Pakati pa nyimbo?"

"Zimitsa chinthucho, mwana wa eni akugwa!"

Zaka zonsezo palibe anali atawamvapo akukweza mawu. Tayeb anadzidzimuka n'kudina. Holo inati zii, m'manja n'kusokonekera, ndipo m'kamphindi komweko waya anali atalowa kale mu gitala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Si Miloud anadikira kuti phazi lakumanja linyamuke, ndipo pamene linatera anaika pansi pake liwu limodzi lokha, lakuya, lija umalimva m'nthiti. Anadikiranso. Lakumanzere linatera, iwo n'kuika lina. Sanamukoke mkwatibwiyo, sanamukankhe. Iyeyo ndiye ankatsogola, iwo akungomuyalira poponda. Boualem, amene sanafunikirepo kuuzidwa, analowa ndi nsonga za zala zokha. M'manja mwa amayi munatsata besi, azakhali nawo anachepetsa changu osadziwa kuti achepetsa.

Kouider anali ataima kukamwa kuli yasa, maikolofoni ili m'manja, osadziwa polowera. Kenako anachita chimene sanachitepo chiyambire: anagwada ndi suti yake yoyera pa simenti yafumbi, tsaya pafupi ndi pansi, n'kusuzumira pa kampata kaja. Anaona nsapato zagolide zikuyenda, liwu lililonse la besi likufika pamodzi ndi chidendene, osatsogola, osatsalira. Kunjenjemera kuja kunatha. Chapakati pa holo mapaziwo anayamba n'kunyada komwe, kuchedwa pang'ono mwadala, ndipo Si Miloud anamwetulira koyamba tsiku limenelo chifukwa anakumbukira mapazi ena opaka hina. Mkwatibwi atafika pampando, nthungululu zinachita kugwedeza denga. Kouider anadzuka mawondo ali bii, n'kuimba mwamphamvu ngati kuti zonsezo anakonza ndi iyeyo.

Ukwati utatha, dzuwa litapendeka, oimba akulongedza katundu m'galimoto kuseri kwa holo, Hadja Zoulikha anatulukira atafunda, bokosi la makrout, timakeke tija ta uchi, lili m'manja. Analunjika kwa Kouider.

"Si Kouider, Mulungu akudalitseni. Mwana wanga akuti miyendo inali itafa, koma anangomva ngati wina wamunyamula. Mawu anu aja pa chedda, ine misozi inachita kutuluka. Ndi inu nokha mu Oran muno."

Pa chedda paja, mkwatibwi akuyenda, Kouider sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Boualem anayamba kutsokomola mwadala. Kouider anaika dzanja pachifuwa, n'kuwerama, n'kunena kuti, "Ndi mphatso ya Mulungu, Hadja," manyazi osamugwira n'komwe. Pobwerera, Hadja anadutsa pamene Si Miloud ankakulunga waya, n'kuima.

"Inu si aja a mafiriji? Yanga ikuchucha madzi. Mudzabwere Lolemba."

"Ndidzabwera, Hadja."

Palibe anadandaula kuti china chasowa, tsono malinga ndi pangano lija ntchito inali itatha. Si Miloud anakoleka gitala paphewa, n'kunyamula kasipika kawo kuti akakwere basi. Asanafike n'pamsewu pomwe, Kouider anakuwa.

"Iwe Miloud, ukupita kuti ndi katundu wa gulu? Tayeb, chotsa chitseko chakocho pampando, uchimange padenga. Munthu akhala pati?"

"Padenga, alamu? Chinachokera ku Marseille chimenechi!"

"Ndiye mphepo ya kunyanja chinaizolowera."

M'galimoto Kouider sanapepese, si khalidwe lake. Anangoika bokosi la makrout pamiyendo ya Si Miloud, maso ali panja pa windo, n'kung'ung'udza kuti dokotala anamuletsa zotsekemera. Anawonjezera kuti Loweruka likubwerali kuli ukwati ku El Hamri, asadzachedwe monga amachitira, ngakhale Si Miloud anali asanachedwepo chibadwire.

Kunyumba Mayi Badra anatsegula bokosi, n'kusankha makrout wamkulu, n'kuluma.

"Ndiye alipo anakuyamikirani?"

"Palibe, mayi. Anayamikira Kouider."

"Alipo anakuonani?"

"Hadja okha. Akufuna ndikawakonzere firiji."

Mayi Badra anatafuna pang'onopang'ono akuwayang'ana amuna awo, uchi ukuyenderera pa chala.

"Nanga mwanayo anafika pampando?"

"Anafika."

"Basi, munaimba bwino. Kasambeni m'manja, mudzadye."