Chewe Anapulumutsa Tsitsi Langa

Ndikukumbukira ukwati wa msuweni wanga ku Migowi, ine ndili sitandade folo. Anandisankha kukhala mmodzi wa ana omwaza maluwa, ndipo azakhali anga ochokera ku Blantyre ndiwo anatikonza m'mutu. Anabwera ndi chikwama chodzaza mabotolo. Anayamba ndi mafuta, kenaka jelo, kenaka mankhwala opopera onunkhira ngati maswiti, pamwamba n'kuwaza tonyezimira. Tsitsi langa, lomwe silinkamvera chipeso, linagona n'kumawala. Tsiku limenelo ndinkayenda khosi lili njo, ngati ndasenza ndowa yodzaza.

Tinabwerera kumudzi pa lole, fumbi la chilimwe likutikuta. Kutacha, mutu unali utauma gwa ngati dothi la pachulu. Unkayabwa, ndipo ndikakanda zinkayoyoka zoyera ngati gaga. Choopsa chinali chakuti mawa lake linali Lolemba. Kusukulu kwathu kunali aphunzitsi aakazi ochokera ku Rumphi, omwe tinkangowatchula kuti Madamu. Ankayendera mitu pamzere, chipeso kudzanja ili, sizasi kudzanja linalo. Chipeso chikakodwa, ankadula kanjira pakati pa mutu, ndipo kunyumba ankangomalizitsa n'kukumeta mpala. Zinali zitandichitikirapo kale, anyamata n'kumanditchula dzira mpaka tsitsi litamera.

Amayi anayesa sopo wochapira zovala ndi madzi a pamjigo. Madzi a kwathu kuchigwa ndi amchere, sopo sachita thovu. Anandikwecha mpaka makutu kutentha, koma tsitsi litauma linatuwa kuposa kale, sopo atangokhala pamwamba pa jelo. Chipeso chinathyoka mano. Amayi anapukusa mutu.

"Pita ukagule lezala, izi zatikanika."

Ndinalira chokweza. Achemwali anga a Esinati, amene ankasenda chinangwa pakhonde, anaika mpeni pansi.

"Amayi, mundipatse kaye mwanayu mpaka dzuwa lipendeke. Zikakanika ndimumeta ndekha."

Anatenga beseni, kapaketi ka soda wophikira therere ndi mandimu, n'kundikoka dzanja. Tinadzera kudimba, kumene anathyola chewe, kachomera koyanga pansi kamene masamba ake tinkadya ngati therere. Kuchoka apo tinatsetserekera kukamtsinje kochokera m'phiri la Michesi. Madzi ake anali ochepa nyengo imeneyo, koma opanda mchere.

Poyamba anasungunula soda m'madzi n'kundinyowetsa nawo, kenaka anandikhazika pamwala kuti zifewe. Chewe uja anamufikisa m'beseni mpaka madzi anayamba kunanda, akukoka ulusi pakati pa zala. Fungo lake linali la ndiwo zosaphika. Atandipaka, mutu unazizira bwino, kuyabwa kuja n'kuyamba kuchepa. Ankagwira katsitsi pang'onopang'ono, kumasula ndi zala, kutsuka, kupakanso. Madzi oyamba anatsika akuda ngati a m'chithaphwi. Tonyezimira tija tinkayandama, tinsomba n'kumatithamangira poyesa chakudya. Ine ndinali chiweramire, khosi likuwawa, madzi oterera akulowa m'kamwa. Ndikati ndidandaule, achemwali ankangoti, "Lezala ikadali pagolosale," ine n'kuweramanso.

Pomaliza anafinyira mandimu m'madzi oyera n'kunditsukuluza. Pamalo pamene amayi anandikwecha paja panawawa ngati tsabola. Koma dzuwa litaumitsa, tsitsi linadzuka lakuda bii, lofewa ngati thonje. Titafika kunyumba, amayi analigwiragwira, n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Lolemba tinaima pamzere. Mnzanga amene tinamwaza naye maluwa anabwera atafunda kampango, atametedwa kale kwawo. Madamu, omwe analinso ku ukwati kuja, anafika pa ine, nazika chipeso pachipumi. Chinadutsa mpaka kunkhongo osaima. Anayesanso cham'mbali, chimodzimodzi.

"Iwe si uja unkawala pa ukwati? Zonse zija zapita kuti?"

"Zatsala kumtsinje, Madamu."

Anamwetulira, napita kwa wotsatira. Ndinalowa m'kalasi ndikupondera zala.

Lero ku Migowi kuli masaluni mbali zonse, ndipo m'masitolo muli ngakhale shampu wochotsera zotsalira za mashampu anzake. Mwana wanga wamkazi amakhala kusaluni theka la tsiku, ndipo ndikamuuza za chewe amafunsa ngati pambuyo pake tinkadyera nsima. Zinthu zasintha ndithu, sindikutsutsa. Koma mpaka pano ndikamapalira m'munda mwanga n'kupeza chewe, khasu ndimalilambalalitsa.