Bedi la Clotilda ku Rathmines

Clotilda anabadwira pachilumba china cha m'nyanja ya Pacific, m'kamudzi ka m'dambo kopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja. Anthu ake onse sankadzaza n'tchalitchi chomwe. Kumeneko ulemu unali wobadwa nawo: midzi ya kumtunda inali ya mafumu, ya m'dambo inali ya owatumikira. Wa m'dambo sankayenera kukhala kapena kugona pamalo okwera kuposa wa kumtunda.

Atasamukira kutali kumzinda wa Dublin ankasamalira okalamba, ndipo ankakhala m'kachipinda m'dera la Rathmines ndi mnzake wa kuntchito, Perpetua wa ku Dedza. Zaka zimenezo nyumba zinali zosowa, moti kachipinda ka nkhungu m'makomako ankakasunga ngati dzira. Bedi linali losanjikiza, Perpetua pansi chifukwa cha bondo, Clotilda pamwamba.

Ndiye kunatulukira Lister, mtsikana wa kumtunda kwawo kwa Clotilda, amene anabwera kusukulu n'kusowa pogona. Perpetua anamuyalira matiresi pansi ndi mtima wabwino. Koma Clotilda anakwera, n'kutsitsa bulangete lake.

"Amayi, mukutani?" anafunsa Perpetua.

"Sindingagone pamwamba pa mwana wa kumtunda."

"Phiri lanulo munalisiya kwanu. Kuno mfumu ndi landilodi."

Clotilda anangomwetulira. Lister anakwera pabedi paja osanena ndi zikomo yemwe.

Perpetua zinamunyansa mpaka kumtima. Mayi wa imvi, wotopa ndi kusambitsa nkhalamba za eni, ankafika n'kutsuka mbale za kamwana kongokhalira foni, kenako n'kugona pansi pozizira. Chisanu cha kuno sichidziwa mwambo wa munthu, ndipo chifuwa chinamugwira. Perpetua anakalipa, ananyengerera, anatchula ndi Mulungu yemwe, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha.

Landilodi atamva kuti m'chipindamo muli atatu, analamula kuti mmodzi achoke mwezi usanathe. Perpetua anasangalala, poganiza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Loweruka anaweruka kuntchito n'kupeza sutikesi ili pakhomo. Inali ya Clotilda.

"Mukupita kuti?"

"Ndikaona konko," anayankha Clotilda uku akutsokomola.

"Mwana uyu wakuuzani kuti muchoke?"

"Ayi. Wa kumtunda sachita kunena."

Anamanga mpango, ananyamula sutikesi, ndipo ali pamasitepe anacheuka.

"Chonde Perpetua, musamamukalipire. M'mawa amakonda tiyi wopanda shuga."