Zaka za ku Holande Anazidumpha M'mbiri ya Mwana Wanga

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira pa mpando ndili ndi jekete langa lakuda. Pabalaza anthu anali atagona pa kapeti ngati matumba a chimanga, amuna uku, akazi uko, ana a sukulu a ku Selly Oak atafunda makhoti awo. Ndinapita pa windo. Fulati yanga ili pamwamba kwambiri ku Nechells, kuno ku Birmingham, ndipo pansi ndinangoona magetsi a mafakitale ndi mvula yowaza ya kuno ija, yosadziwika poyambira ndi pothera. Maliro a mwana wanga wamwamuna mmodzi yekha, Limbani, koma panja popanda ndi chikuni chimodzi chomwe. Ndinawauza anyamata dzulo lake kuti asonkhe moto poimika magalimoto, iwo akuti malamulo salola. Thupi nalo silinagone m'nyumba, linali kwa azungu okonza maliro. Nyimbo tinaimba monong'ona chifukwa wa khomo loyandikana anamenya khoma kawiri. Ine Nkhoma, amene ndikaitana munthu ku fakitale yosungunula zitsulo ku Oldbury mawu anga ankaposa makina, kulira mwana wanga monong'ona!

Kutayera, azimayi anayamba kufika ndi mapoto a mpunga ndi nkhuku zimene anaphikira m'nyumba zawo, aliyense pa kachitofu kake. Kenaka anafika mkamwini wanga, mwamuna wa Esinati, mwana wanga wamkazi. Ndi munthu wa madigiri awiri, ndipo anzake ophunzira anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya maliro. Ananyamula katoni ya mapulogalamu. Pachikuto anaikapo chithunzi cha Limbani ali mnyamata wa tayi, chaka chimene ankalowa yunivesite, ngati munthu sanakhalenso ndi moyo zaka pafupifupi makumi awiri pambuyo pake. Chingerezi ine ndimachimva ndi khutu, ndadyera icho kuyambira ndili khukhi wa mzungu amene anandibweretsa kuno, koma cha papepala chimandizemba. Ndiye ndinamufunsa ngati za ku Holande wazilemba m'mbiri ya malemu.

"Zonse zili momo, bambo, musadandaule," anatero akuyang'ana wotchi.

Ndifotokoze za ku Holande kuti mumve bwino. Limbani anali wamtali moti pa chitseko chilichonse ankawerama. Ali chaka chachiwiri ku yunivesite anasiya sukulu n'kupita ku Holande kukasewera basiketibo, mpira woponya m'mphete, m'timu ya tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja. Inali ntchito yeniyeni. Koma kwathu ku Dowa mpira woponya ndi manja m'mphete ndi ntchemberembaye, wa atsikana. Ndinamufunsa ngati ndinamuchotsa ku Dowa kudzamuika ku Mangalande kuti azisewera ntchemberembaye. Sindinanene kamodzi, ndipo sindinanenere m'nyumba mokha. Ndinkanena pa misonkhano ya Amalawi, anthu n'kumaseka. Iye anakhala kumeneko zaka khumi ndi chimodzi. Podziwa kuti kalata sindiwerenga, ankanditumizira makaseti, akulankhula Chichewa chake chopindika chija, kufotokoza za timu yake kuyambira pamene inayambira. Ndinkawamvera ndili ndekha, ena mpaka tepi kutafunika. Sindinamuyankhepo ngakhale kamodzi. Atabwerera ndi mawondo owonongeka anayamba ntchito yolondera nyumba yosungira katundu, ndipo mtima unamuimira pa siteji ya basi akuchokera ku ntchito.

Tchalitchi chinali chobwereka, ndipo anatiuza kuti pofika masana tikhale titatuluka chifukwa kukubwera ukwati. Anthu anadzaza. Anabwera a ku Wolverhampton, a ku Coventry, anamwino a ku Zambia, madokotala, maloya, aliyense ndi ambulera yake yodontha. Bokosi linali lalitali moti onyamula anavutika nalo pokhota pa khonde. Tili pa nyimbo yoyamba ndinamva anthu akutembenuka. Pa chitseko panalowa azungu asanu, anayi aatali ngati mitengo ya bulugamu, wachisanu nkhalamba yaifupi ya ndevu zoyera. Maso awo anali ofiira ndi tulo. Esinati anandinong'oneza kuti ndi a ku Holande, anawaimbira foni atapeza nambala m'kabuku ka mchimwene wake, ndipo awoloka nyanja pa sitima ndi galimoto yawo. Olandira alendo anawakhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi popachika makhoti.

Itakwana nthawi ya mbiri, mkamwini anaima ndi pepala lake. Anawerenga m'Chingerezi chosalala. Anabadwira ku Dowa. Anabwera ku Birmingham ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anakhoza bwino sukulu. Analowa yunivesite, ndipo apa anachedwapo, kutchula ndi maphunziro omwe. Kenaka anati malemu anakakhala kunja kwa kanthawi, atabwerera anagwira ntchito ya zachitetezo. Basi. Anapinda pepala.

Kanthawi! Zaka khumi ndi chimodzi, kanthawi! Kumudzi ngakhale munthu anali woweta mbuzi, pa maliro amanena kuti ankaweta mbuzi, ndipo amatchula ndi dambo limene ankadyetsera. Ndinaimirira. Esinati anakoka jekete langa, woimba limba anaona mkamwini akumukodola n'kuyamba nyimbo, ndipo anthu onse anaima nane ngati ndimawatsogolera. Ndinameza mawu.

Ulendo wa ku manda unali wa magalimoto. Palibe woyenda pansi, palibe woimba. Galimoto ya maliro inkaima pa maloboti ngati yonyamula buledi, mabasi akutidula pakati. Ine ndinakwera ya mkamwini, ndipo tisanafike pa msewu waukulu ndinamufunsa chimene anandinamizira.

"Bambo, mu tchalitchi muja munali maprofeshonozi," anatero. "Tikanati anasiya digiri chifukwa cha mpira, anthu akanaziona bwanji? Timafuna kumupatsa ulemu."

"Ulemu wa bodza? Mwana ndi wako kapena wanga?"

"Ndi wanu, bambo. Koma amene munkati ndi ntchemberembaye ndinu. Ife tinamvera kwa inu."

Esinati anamuuza m'Chingerezi kuti atseke pakamwa ayendetse galimoto. Ine ndinayang'ana panja. Tinali tikudutsa ku Oldbury, pamene panali fakitale yathu, pano pangotsala mpanda ndi udzu. Ndinakwiya kwambiri chifukwa mnyamatayo sananame.

Ku manda mphepo inali yodula makutu. Dzenje anakumba ndi makina, dothi n'kulifunditsa chinsalu chobiriwira ngati dothi ndi chinthu chochititsa manyazi. Panali mzungu wa kumanda wa chipewa, naye ndi wotchi yake. Abusa anapemphera mwachidule, onyamula anagwira malamba kuti atsitse bokosi. Pamenepo ndinaika ndodo yanga pamwamba pa bokosi.

"Silitsika," ndinatero. "Mbiri sinathe."

Mkamwini anayandikira akuti taimu imene tinabukitsa ikutha. Ndinamuuza kuti amene akufulumira atsogole, dzenje ndi ilo. Kenaka ndinaitana azungu asanu aja kuti achoke kumbuyo adzaime kumutu kwa mnzawo, ndipo ndinatsegula pakamwa monga ndinkachitira ku fakitale. Ndinalankhula Chichewa. Amene anaiwala Chichewa ndi madigiri awo, zawo zimenezo.

Ndinati mwana uyu anali wosewera basiketibo, ndipo timu yake ili ndi mbiri kuposa ena mwaima panonu. Inayambidwa ndi aphunzitsi awiri ndi ana a asodzi mu holo ya sukulu, mphete zake anawotcherera munthu wokonza njinga. Inakula mpaka kulowa mu ligi yaikulu ya dziko lawo. Dzina lake linkasintha malinga ndi kampani imene ikuithandiza, lero ya tchizi, mawa ya penti, mkuja ya nsapato, koma anthu a m'tauniyo ankangoitchula dzina lakale la ku sukulu lija. Ndili pakati ndinamva mawu kumbali kwanga. Anali Esinati, akumasulira m'Chingerezi, misozi ili mbwembwembwe, osandiyang'ana.

Ndinapitiriza. Ndinati Limbani anaipeza timuyo ili kumchira. Chaka china kampani inawasiya, Aamerika awiri amene ankasewera nawo analongedza zikwama sabata yomweyo, timu inatsika ku ligi yaing'ono. Matimu a m'mizinda ikuluikulu anamuitana, iye anakana. M'mawa ankanyamula makatoni a maluwa ku msika, madzulo n'kukasewera mu holo yodontha, ataika zidebe m'mbali mwa bwalo. Anaikweza timuyo kubwerera m'mwamba. Ndipo chaka cha chikho anasewera masewero omaliza bondo atalimanga ngati mtolo wa nkhuni, anapambana, tauni yonse inatuluka ndi malipenga, osewera anawakweza pa bwato n'kuwayendetsa mu ngalande ya pakati pa tauni. Pambuyo pake akuluakulu anaiphatikiza timuyo ndi ya mzinda woyandikana, dzina linafa, ndipo mu holo muja pano amagulitsamo makapeti.

Nkhalamba ya ndevu ija inakweza chala ngati mwana wa sukulu. Inati kampani ya nsapato ndiyo inayamba, ya penti inabwera pambuyo. Inali yoyendetsa basi ya timuyo ndi kuchapa mayunifolomu kuyambira kale, ndiye inkadziwa.

"Mwamva?" ndinakuwa. "Mboni ndi iyi! Ndalakwitsa penti yokha!"

Ena anaseka, ena analira, mzungu wa wotchi anavula chipewa. Ndinaona dokotala wina amene ankaseka kwambiri nthabwala yanga ya ntchemberembaye akuyang'ana nsapato zake. Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinaganiza kuti ndagonjetsa onse.

Koma nkhalamba ija inali isanamalize. Inandigwira dzanja ndi manja ake awiri n'kulankhula Chingerezi chapang'onopang'ono chimene aliyense anamva. Inati Limbani ankawauza za ine kawirikawiri. Ankati bambo ake ndi munthu wamphamvu wa mawu aakulu, ndipo akulephera kubwera kudzamuonera chifukwa ng'anjo ya ku fakitale sizima, ndiye sawapatsa tchuthi. Inati tauni yonse inkadziwa za ng'anjo imeneyo.

Fakitale inatsekedwa mwana wanga ali chaka chachitatu ku Holande. Zaka zonse zotsalazo ndinali pakhomo, pasipoti ili m'sutikesi. Amalawi onse amene anaima pamenepo ankadziwa zimenezi, ndipo onse anandiyang'ana kudikira kuti aone ngati Nkhoma avomere bodza lomukomera. Ndikanangogwedeza mutu. Koma ndinali nditangotukwana mkamwini chifukwa cha ulemu wa bodza, ndipo bokosi linali pansi pa ndodo yanga.

"Esinati, umasulire izi, usachotsepo kanthu," ndinatero. "Sinali ng'anjo. Ndinkachita naye manyazi. Ndinkamuseka pa anthu. Sindinamuonepo akusewera ngakhale tsiku limodzi, ndipo palibe anandiletsa."

Anamasulira zonse. Nkhalamba sinandisiye dzanja. Ndinachotsa ndodo, bokosi linatsika.

Anatibweretsera kabokosi ka dothi kuti aliyense atsine pang'ono ngati mchere, akuti makina adzakwirira tikapita. Ndinakana. Mwana wa munthu sakwiriridwa ndi thirakitala abale ake akumwa tiyi. Mzungu wa kumanda anapita yekha kukatenga mafosholo atatu. Anyamata aatali aja anavula makhoti n'kuyamba, ana a sukulu a ku Selly Oak anawalandira, azimayi anayambitsa nyimbo, ulendo uno mokweza, mpaka anthu a pa maliro ena kutsidya anatembenuka. Mkamwini nayenso anagwira fosholo, suti yake yonse matope. Sindinamuthokoze. Mpaka lero sindinamuthokoze, ndipo akudziwa chifukwa chake.

Ku holo kumene anthu anakadya sindinakhalitse. A ku Holande anadya ataimirira n'kutsanzika, sitima yawo sikanawadikira. Ndinafuna kuwafunsa zambiri, koma anthu anandizinga ndi mapepeso awo, ndipo pamene ndinkatuluka panja galimoto yawo inali itapita.

Madzulo nyumba inali zii. Makhoti onse anachoka, kapeti inatsala ndi mapazi a matope. Esinati anatsala kutsuka makapu, mwamuna wake akumudikira m'galimoto pansi chifukwa sanayerekeze kukwera. Mawu anga anali atasasa, ndikalankhula kunkangotuluka mphepo. Atamaliza anabwera kudzakhala pa mkono wa mpando wanga, chinthu chimene sanachitepo chikulire. Kenaka anandifunsa m'Chingerezi, monga amachitira ana a kuno, kuti yunifolomu ya timu ya mchimwene wake inali ya mtundu wanji.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe. Ndinkadziwa za wokonza njinga, za zidebe, za bwato ndi malipenga. Mtundu wa malaya amene mwana wanga anavala zaka khumi ndi chimodzi sindinkaudziwa.