Dzina Limene Bambo Analiletsa

Ndikukumbukira tsiku limene ndinasochera ku Liwonde, ndili sitandade 3. Amalume anandisiya pa depoti kuti akagule mchere, ndipo walahi, mcherewo akuugulabe mpaka lero.

Dzuwa litapendeka ndinapita pa matola. Kondakitala anandifunsa kotsikira, ine n'kutchula dzina la mudzi wathu limene tinkalemba kusukulu, kwa Mpalume. Iye anafunsa dalaivala, dalaivala anafunsa mayi wogulitsa nthochi, mayiyo anayang'ana kumwamba. Palibe ankakudziwa.

Dzina lina linalipo, loti Pa Chitseko, koma bambo analiletsa pakhomo pathu osanena chifukwa. Mkulu wanga atalitchula tsiku lina, anagona chafufumimba sabata yathunthu. Ndinaima pamenepo mutu utazungulira: ndigone pa depoti, kapena ndikagone chafufumimba?

Galimoto italira ndinanong'ona, "Pa Chitseko."

"Osanena kale bwanji, iwe? Kwera."

M'njira anthu anayamba kundiphunzitsa mbiri ya kwathu. Mkulu wina wachipewa anati munthu anamangirira chitseko chatsopano panjinga, mphepo n'kumunyamula kukamuika m'dimba la mpunga. Mayi wina anatsutsa, anati anakatera padenga la mzikiti nthawi ya swala. Kondakitala anati iye analipo, munthuyo anadutsa pamwamba pa galimoto yawo akupalasabe.

"Anali ndani?" ndinafunsa.

"Che Yusufu, atelala aja."

Anali bambo anga. Chitsekocho ndinkachitsegula m'mawa uliwonse.

Nditafika, bambo anaimitsa makina. "Wawauza kuti akutsitse pati?"

"Kwa Mpalume."

"Ndiye ndiwe woyamba kufika ndi dzina limenelo," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Bambo anamwalira ine ndili kuno ku Cape Town, ndikulongedza katundu m'sitolo ina ku Bellville. Maliro athu sachedwa kuikidwa, choncho ndinaimbira msanga anzanga a ku Wynberg kuti auze abale awo kumudzi akathandize. Mwaulemu ndinkayamba ndi kwa Mpalume, aliyense n'kumati, "Kutiko?" Mapeto ake ndinatchula dzina lija. Akuti kunafika anthu ochuluka moti ena anaswalira mumtengo.

Zimandizunguzabe mutu, koma ndazindikira kuti mudzi sautcha eni ake, amautcha ndi anthu odutsa. Dzina limene bambo analikana moyo wawo wonse ndi limene linawabweretsera owanyamula.