Matumba a Che Nkhokwe

Ndinanyamuka pa Phalula Lachiwiri cha m'ma sikisi m'mawa, m'chikwama muli foni, chaja ndi kajumbo ka ufa wa mgaiwa. Chinali chaka cha njala chija anthu a ku Machinga ankaphika chitedze ndi mango aawisi. Ulendo wake sunali wokacheza iyayi. Ndinkapita kukakonza zimene ndinawononga ndekha.

Ine ntchito yanga ndi yotchaja mafoni pa kashopu kanga m'mbali mwa msewu, koma ndilinso m'gulu la anthu olemba ndi kujambula za kwathu kuno pa intaneti. Tinayamba ochepa, kenako tinachulukana moti ena sitinaonanepo ndi maso. Mmodzi mwa iwo anali a Jafali a ku Nsanama, bambo oseketsa koopsa, amene ankasewera ngati Che Nkhokwe, venda wa chimanga woumira. Akazi awo, Abiti Saidi, ndiwo ankagwira foni pojambula. Akatero ankanditumizira, ine n'kudula, kuika nyimbo, n'kuponya pa intaneti.

M'gawo lomaliza Che Nkhokwe anakhala pamwamba pa matumba khumi ndi awiri akuthamangitsa anthu opempha chimanga. Kumapeto kwake thumba linaphulika, mankhusu a mpunga n'kukhuthuka, mkuluyo n'kugwa chagada. Mapeto amenewo ine ndinawadula. Vidiyo inatalika, ndipo m'gulu mwathu tonse tinkadziwa kuti yaitali imadya bandulo, anthu saonera. Ndinadula masekondi makumi anayi basi, ndikudziyesa katswiri.

Ndiye Lolemba Abiti anandiimbira pa kafoni kobwereka, poti yawo yojambulira ija anali atagulitsa kale. Anati komiti ya m'mudzi yachotsa dzina lawo pa mndandanda wa olandira chimanga chaulere, ati ali ndi matumba khumi ndi awiri, aliyense waona. Mndandandawo unali woti upita ku boma Lachitatu. Ndinati ndiponya mapeto aja pa intaneti nthawi yomweyo.

"Amayi, kuno bandulo akugula ndani?" anatero Abiti. "Vidiyo ija inayenda foni ndi foni. Bwerani nawo mapetowo anthu adzaone ndi maso."

Minibasi ya ku Balaka inandidya K3,500. Kondakitala analumbira kuti tinyamuka pompano, ndipo pompano wake anakwana ola lathunthu. M'njira monse chimanga chinali chitafota chisanamasule, masamba atapotana ngati anyezi. Pa Balaka ndinafika cha m'ma eyiti koloko, ndinagula mandasi awiri opanda kanthu m'kati, mpweya wokhawokha, n'kukwera ina ya ku Liwonde ya K3,000.

Tisanafike pa mphambano ya ku Mangochi ndinamva nyimbo yodziwika kumpando wakumbuyo. Nyimbo yanga, yoika ndekha. Bambo wina wa chipewa choyera, amene anati kwawo ndi ku Ulongwe, ankaonetsa mnzake gawo lomwe lija. Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

"Mwamuona munthu ameneyu?" anatero bamboyo. "Anthu akugona ndi njala, iye akudzijambulitsa pa matumba. Mulungu adzamufunsa."

"Bambo, limenelotu ndi sewero," ndinatero ine.

"Sewero ndi mawuwo, mayi. Nanga matumbawo ndi sewero? Taonani mmene afufumira."

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse mapeto, koma iwo anali akugogoda kale denga kuti atsike akakwere za kwawo. Anapita nacho chidani chawo ku Ulongwe, ine ndili kukamwa yasa.

Tinawoloka Shire cha m'ma teni. Madzi ali mbwee pansi pa mlatho, minda ya kumtunda ili gwa. Pa Liwonde ndinakwera kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri mmene tinalongedwamo khumi ndi mmodzi, K5,000 mutu umodzi. Dalaivala anakhala mpando umodzi ndi mayi wina wonyamula matemba, moti giya ankasintha mopempha. Pa Nsanama ndinatsika wani koloko itadutsa. Pamsika chimanga chinkagulitsidwa pa timbale ting'onoting'ono, ndipo anthu oima mozungulira anali ambiri kuposa ogula.

Wa kabaza amene ananditenga anali bambo wachikulire. Nditatchula kwa a Jafali anatembenuka.

"Kwa Che Nkhokwe? Ngati mukukagula, fulumirani. Matumba akutha. Akugulitsa mobisa ameneyo, tikuona mulu ukutsika."

Pa kachitunda kakang'ono anandipempha kuti nditsike, tikankhe njinga. Sanachite manyazi kunena kuti miyendo ilibe kanthu.

Pakhomo ndinapeza mayi atakhala pa mphasa akupeta. Ndinawadziwa ndi mawu kuti ndi Abiti. Bambo amene anatuluka m'nyumba ndiye sindinawadziwe. Che Nkhokwe wa mu foni yanga anali ndi mimba ndi masaya. A Jafali awa malaya ankalendewera ngati awayanika pa chingwe.

"Ndiye ndinu a Esinati odula aja?" anatero akumwetulira. "Mwatidula zenizeni."

Ndinafuna kuseka, zinakanika. M'khonde munatsala matumba atatu okha. Ndinafunsa kuti enawo apita kuti. Abiti anangondipatsa lichero. Munali mankhusu a mpunga aja, otola ku chigayo kuti azijambulira sewero. M'mbali mwa licheromo munali tizidutswa ta mpunga wosweka, tosadzaza ndi chikhatho chomwe.

"Tikapeta thumba lonse timapeza phala la masiku anayi," anatero Abiti. "Ana athu atatu akumwa limenelo."

Anthu ankati akugulitsa chimanga mobisa, chikhalirecho banja likudya katundu wa sewero. Ndinafunsa chifukwa chake sanaitane anthu kudzatsegula matumbawo. A Jafali anati anaitana, koma anthu anati chimanga chenicheni anabisa, awa angodzaza mankhusu kuti anamize komiti.

Cha m'ma fili koloko tinapita kwa mayi Chikopa, wapampando wa komitiyo. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango wopululidwa zipatso zonse, ali ndi amayi ena anayi. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kunena mosazungulira kuti wolakwa ndine. Kenako ndinawapatsa foni. Anaona Che Nkhokwe ali pa matumba onse khumi ndi awiri, thumba likuphulika, mankhusu ali kobo, miyendo m'mwamba. Ndinawaonetsanso kachidutswa kena kamene Abiti anajambula a Jafali akudzaza matumbawo ku chigayo. Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kenako anayang'ana a Jafali amene anaima potero, kuseka kuja n'kuzima.

"Mwana wanga," anatero mayi Chikopa, "bwanji simunabwere dzulo? Galimoto ya a boma yadutsa lero m'mawa. Anati Lachitatu, koma abwera lero. Mapepala apita."

Ndinawerenga mumtima. Nthawi imene galimotoyo inkadutsa, ine ndinali pa Phalula, m'minibasi yosanyamuka ija. Ndinachonderera, ndinakweza mawu, ndinatsala pang'ono kutukwana munthu wamkulu. Iwo anangoti nambala ya mudzi inakwana, ndipo pamalo pa a Jafali analembapo mayi wina wamasiye. Kodi ndikufuna amuchotse ameneyo? Anatsegula kope n'kulemba dzina la a Jafali pamwamba penipeni pa tsamba la mwezi wamawa.

Titafika pakhomo ndinapereka kajumbo ka ufa kaja, kakuoneka kakang'ono kuposa mmene kanalili pa Phalula. A Jafali anathokoza, kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa za mwana wodwala:

"Nanga gawo lija, anthu analikonda?"

Ndinawauza zoona, kuti palibe vidiyo ya m'gulu mwathu imene inayenda ngati imeneyo. Anagwedeza mutu, ndipo ndikulumbira, anasangalala.

Ndinagona pa Liwonde kwa mnzanga wa m'gulu, n'kufika pa Phalula mawa lake masana. Tinasonkherana m'gulumo zochepa zimene tinali nazo n'kutumiza ku Nsanama, ngakhale ambiri a ife tinalinso ndi njala yathu. Mapeto aja ndinawaponya pa intaneti, koma anawaonera ndi anthu owerengeka chabe. Kuyambira pamenepo sindidula kanthu ndisanamufunse mwini wake.

Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi mmene ndinawasiyira Abiti. Ndikutsanzika, iwo anali akumasula thumba lina, akuwerenga chapansipansi. Matumba atatu, masiku khumi ndi awiri. Mwezi wamawa unali kutali ndi masiku makumi atatu.