Tambala Amene Anayeza Utsi wa Jipi ya Rufing

Aliyense mumsewu wathu m'tauni ya Imus wofuna kuseka Rufing ayambe wathana ndi ine. Ndimagulitsa nthochi zokazinga pageti pake, ndipo jipi yakeyo ndinaiona ikubadwa: malata otsala kuntchito kwake kowotcherera, injini ya petulo yogula kwa ophwasula magalimoto, mipando yosoka mkazi wake Choleng. Munthuyu sakonda mowa kapena makadi. Zake ndi ziwiri basi, jipi ndi tambala wake wa ndewu, Heneral, amene ankagona pamtengo m'shedi yosungiramo jipiyo.

Chinatsala ndi chimodzi. Jipi silowa mumsewu isanayezedwe utsi, ndipo ikalephera, oyendetsa njinga za mateyala atatu apakona aja akanamuseka mpaka kumanda. Kale ankaitcha poto, makamaka mmodzi wa iwo, Ambet.

"Pare, mnzathuwe, poto wako akatuluka tidzaphikiremo mpunga!"

Ine ndinkawayankha ndi mafuta otentha m'chipande. Rufing ankangoweramitsa mutu. Manyazi, matenda ake.

Kwathu kuno timayeza tokha kaye: nsalu yoyera kukamwa kwa paipi, kuponda mafuta, n'kuona ngati yada. Aliyense amachitira panja. Koma Rufing, poopa maso a apakona, analowa m'shedi Lachiwiri m'mawa, natseka chitseko, mpata wapansi n'kutsekanso ndi masaka kuti utsi usamuulule.

Injini inkalira bwinobwino. Chimene chinandizizwitsa ine n'chakuti Heneral anali chete. Tambala uja amalira ngakhale masana, amalira wansembe akudutsa!

"Choleng! Mwamuna wako ali kuti?"

"Ali ndi jipi, mkazi wake wachiwiriyo. Asandivute."

Ndinagogoda. Zii. Ndinamenya chitseko ndi benchi langa mpaka loko inathyoka. Mayo ine! Heneral ali gada pansi, miyendo m'mwamba. Rufing atatsamira tayala lakumbuyo, maso ali pena, nsalu ili m'manja. Mpweya wake wa m'menemo unandimenya m'mutu ngati nyundo, koma utsi wooneka munalibe.

"Inu agalu apakona, mukuonerera chiyani? Nyamulani munthu!"

Anathamanga onse, ngakhale Ambet wakamwa lalikulu uja, ndipo ndi njinga yake imene inatengera Rufing kuchipatala, Choleng akulira kumbuyo atavala silipasi imodzi.

Rufing atatsitsimuka, mawu ake oyamba mukudziwa?

"Pare, nsalu ija yayera. Tapambana."

"Wapambana chiyani, chitsiru iwe? Tambala wako wafa!"

Adokotala ndiwo anamuuza kuti utsi wa petulo uli ndi mpweya wakupha wosaoneka, wosadetsa nsalu, ndipo makina a oyeza amafuna womwewo. Mpaka lero ndikaganiza kuti tonse mumsewu muno tinkakhulupirira kansalu, ndimachita mantha.

Atatuluka, tinakankhira jipi pakati pa msewu, dzuwa likuswa mtengo. Ambet anabwereka kamakina koyezera kwa mlamu wake wa pagalaja. Singano inathawira kofiira. Injini inkamwa petulo wambiri, mpweya pang'ono. Rufing anapotokola kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, pamaso pa onse mpaka singano inatsika. Palibe anatchula poto.

Kwa oyeza utsi jipi inadutsa. Lero jipi imanyamula Choleng kupita kumsika, nthenga zitatu za Heneral zikulendewera pagalasi. Chitseko cha shedi ndinachizula ndekha, ndipo pano ndi tebulo langa la nthochi. Rufing akachifuna abwere adzandilande.